Nkhuku Yomwe Tabita Anaphera Jakisoni

Tabita anabadwira m'malayini a esiteti ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba zija za chipinda chimodzi zoti mnzako akatsokomola kuseri kwa khoma iwe umayankha kuti pepani. Agogo ake anachoka ku Mozambique wapansi kudzathyola tiyi, mayi ake anathyola tiyi mpaka msana kupindika, ndiye iyeyo akanakhala kalaliki wa ndani? Sukulu analekezera Sitandade 4, dengu n'kukwera kumsana. Koma pa ntchito, abale inu, mkazi uja anali moto. Manja onse awiri ankangoti thyo thyo thyo pamwamba pa masamba, anzake akuyamba mzere iye ali pakati. Pakamwanso sankasunga mawu m'masaya. Ngakhale kapitawo ankayamba wameza malovu asanamudzudzule.

Anakwatiwa ndi Gideoni, woponya nkhuni m'ng'anjo youmitsira tiyi ku fakitale, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa. Ana awiri oyamba, Tisungeni ndi Elson, anabadwa bwinobwino kwa azamba. Wachitatu ndiye anabwera ndi nkhondo. Munali mu Okutobala wa 1998, dzuwa likuswa mtengo, mwana atapingasa m'mimba. Azamba anayesa izi ndi izo mpaka anagwira mutu, ndipo pamene lole ya esiteti imafika naye ku chipatala chachikulu, Tabita anali atatuwa ngati phulusa. Anamuchita opaleshoni. Mwana anatuluka wamoyo, wamwamuna, n'kumutcha Yesaya.

Tsiku lotuluka, adokotala anamuimitsa pakhomo la wodi. Sanamunyengerere ayi.

"Mayi, chiberekero chanu tachita kusoka, ndipo chapyapyala kwambiri. Mukatenga mimba ina zisanathe zaka zitatu, chidzang'ambika. Kumene mumakhalako n'kutali, simudzafika kuno muli moyo. Pakatha masabata sikisi mupite ku kiliniki ya kwanuko mukayambe kulera. Mwamva?"

Anamva. Mawu amenewo anakhazikika mumtima mwake ngati mwala. Mayi ake omubereka anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo ankadziwa bwino kukoma kwa nsima ya pakhomo pa eni. Ana ake atatu adye imeneyo? Ayi ndithu.

Masiku amenewo amayi a m'malayini ankabayitsa jakisoni wolera mobisa, ngati akuba nkhuni za kampani. Tabita analengeza pampopi, ndowa ili m'manja.

"Ine ndikukabayitsa. Amene akufuna kukanena akanene."

Amayi anayang'anana. Wina anati jakisoni amaumitsa magazi m'mimba, wina anati amafooketsa abambo kunyumba.

"Afooke!" anatero Tabita. "Wofooka amadzuka mawa. Wakufa munamuonapo akudzuka?"

Koma masabata sikisi aja anakwanira mu Disembala, mvula itagwa. Amene anakhalako ku tiyi akudziwa kuti tiyi akaphuka sayembekeza munthu. Lero wathyola, mkuja waphukanso, ndipo wojomba nthawi imeneyo dzina lake limapatsidwa kwa wina amene waima pageti. Za kulera ku kiliniki ya esiteti zinkachitika Lachitatu lokha, m'mawa, nthawi yomwe dengu limadzaza msanga. Tabita anabwerera m'munda chilonda chisanaumitsitse, Yesaya akumusiya pansi pa mtengo ndi ana ena. Ankati Lachitatu likudzali, likafika n'kuti linalo. Mantha analibe kwenikweni, chifukwa Gideoni ankagona pamphasa yake payekha monga mwa mwambo wa nyumba ya mwana wakhanda. Zengerezu analinda kwawukwawu. Anakafika ku kiliniki mwana atakwanitsa miyezi inayi.

Anamwino anali mayi wotopa, mzere wa anthu utafika panja.

"Kumwezi mwayambako chibadwire mwanayu?"

"Ayi, ndikuyamwitsa."

"Ndiye sindikubayani. Mwachedwa. Ndidziwa bwanji kuti mulibe mimba? Zoyezera pano tilibe. Mukadzaona kumwezi mudzabwere, mudzandionetse kansalu, ndidzakubayani."

"Anesi, abambo akunyumba sanandikhudze n'komwe!"

"Onse amatero, mayi. Wotsatira!"

Tabita anatuluka kukamwa kuli yasa. Ha! Ndiye kuti munthu adikire kaye thupi litsegule chitseko, ndipo pamenepo ndiye amupatse loko? Pa Tisungeni, kumwezi anakuona mwana akuyenda kale. Anatukwana njira yonse, m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe, koma kutukwana sikubaya munthu jakisoni.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mwezi wotsatira Yesaya anayamba kutsegula m'mimba. Liwombo linalowa, timiyendo tinangoti lende, kulira kwake kukumveka ngati kwa kamphaka. Uthenga unapita ku Changata, ndipo anabwera a Lestina, mayi ake aakulu a Tabita, amene anamulera mayi ake atamwalira. A Lestina sanali munthu woipa. Anali munthu wosakayika, ndipo nthawi zina zimenezo zimaposa kuipa. Anamutembenuza mwana uku ndi uku, n'kufunsa funso limodzi.

"Mwanayu munamutenga?"

Kutenga mwana ndi mwambo woti pakapita miyezi mwana atabadwa, bambo ndi mayi amakhalira pamodzi monga banja, khandalo lili pamphasa pomwepo, kuti likhwime. Mwana wosatengedwa amati ndi wamuwisi. Akamunyamula munthu amene wachokera kogona ndi mwamuna kapena mkazi, mwana amadwala tsempho, amawonda mpaka kufa.

"Sitinamutenge, amayi. Adokotala anati..."

"Mayo ine! Miyezi isanu, mwana wamuwisi, n'kumakamusiya pansi pa mtengo kuti aliyense wa m'malayini muno azimunyamula? Ukudziwa kumene manja amenewo agona? Iwe Tabita, ukufuna kuika mwanayu m'manda ndi manja ako?"

"Nanga ndikatenga mimba? Anandiuza kuti ndifa."

"Woyamwitsa satenga mimba. Ine ndabereka asanu ndi atatu, adokotala akowo abereka angati?"

Tabita anatchula za makondomu amene ankaperekedwa ku kiliniki. A Lestina anaomba m'manja kamodzi, mokhumudwa.

"Mpira? Mwana n'kutengedwa ndi mpira? Ndiye mphamvu ya bambo wake imufika bwanji? Usandichititse manyazi. Ukawauze bambo a Tisungeni, ine sindingayankhule nawo zimenezi, ndi akamwini."

Mkazi uja woopedwa ndi akapitawo anayang'ana mwana wake, maso atalowa m'kati, kukamwa kouma, ndipo mantha a imfa yake anachepa pamaso pa mantha a imfa ya mwanayo. Anavomera. Anamutenga mwana, kamodzi kokha. M'mawa mwake anapitanso naye ku kiliniki kumene anam'patsa madzi a shuga ndi mchere ndi timapilitsi. Yesaya anachira. A Lestina anabwerera ku Changata akunena kuti mwambo wagwira ntchito, anamwino ankati ndi mankhwala, ndipo Tabita sanatsutse aliyense.

Gideoni anabwerera yekha pamphasa yake, osauzidwa.

"Mayi a Tisungeni, ine ndinakuonani tsiku lija pa lole. Ndidikira mpaka mubayitse."

Mawu abwino, koma Tabita ankadziwa kuti chipinda n'chimodzi ndipo munthu ndi munthu. Anapitanso ku kiliniki, anabwezedwanso ndi mawu omwe aja. Ndiye tsiku lina ali pamzere woyezetsa masamba anamudandaulira Angella, mnzake wa gulu limodzi, mayi wa ana awiri amene ankaoneka kuti za m'dziko muno anazimaliza.

Angella anaseka mpaka dengu kugwedezeka.

"Koma achemwali, nzeru zonse zija zimathera pakamwa? Anesi akufuna aone chiyani?"

"Magazi pakansalu."

"Ndiye aonetseni magazi pakansalu. Nkhuku mulibe? Mukuganiza kuti ife tinabayitsa bwanji? Sayandikira n'komwe, amangoyang'anira patali."

Tabita anaima chilili. Bodza lotere, kwa anamwino, iye woimba kwaya ya amayi? Koma anawerengera m'mutu mwake: mimba alibe, anagona ndi mwamuna kamodzi kokha, akuyamwitsa usana ndi usiku. Akunamiza ndani? Akungothandiza anesi kuti achite chinthu choyenera. Lachitatu m'mawa anagwira msoti wake umodzi womwewo, umene unali pafupi kuyamba kuikira, n'kuudula khosi kuseri kwa nyumba. Anadontheza magazi pakansalu, ena onse n'kukwirira ndi dothi.

Zinayenda monga ananenera Angella. Anamwino anasuzumira ali patali, anakwinya mphuno, n'kuloza benchi. Singano italowa, Tabita anamva ngati wina wamutula mtolo wa nkhuni umene anausenza kuchokera ku chipatala chachikulu. Madzulo ana anadya nkhuku pakati pa sabata. Gideoni anayang'ana m'mbale, n'kuyang'ana pakhomo.

"Kwabwera alendo?"

"Idyani, bambo a Tisungeni. Ndabayitsa."

Miyezi yozizira inafika, nkhungu ikugona pamwamba pa minda mpaka dzuwa kukwera, tiyi atasiya kuphuka. Tabita ankapalira m'mizere ndi kulima kadimba kake kumtsinje. Nseru inamuvutako pang'ono, anati ndi jakisoni. Kumwezi sanaone, anamwino anati jakisoni amatero. Atapita kukabayitsa kachiwiri palibe anamufunsa kanthu, poti wobwereza safunsidwa kansalu. Anayamba kunenepa, masaya kusalala, chitenje kuchepa m'chiuno.

"Jakisoni wakuyanjani, achemwali," ankatero amayi pampopi.

Ndiye mumudziwe Tabita. Anasanduka mlaliki. Mayi aliyense wotuluka m'chikuta ankamupeza pakhomo: mwaganiza zotani, mupita liti, musachedwe ngati ine. Atsikana atatu anawaperekeza yekha ku kiliniki. Ankadzimenya pamimba pamaso pa anthu n'kumati, "Umu mwatsekedwa, mwini wake ndine."

Mu Seputembala anamva tinthu tikuyenda m'mimba. Anati ndi njoka za m'mimba, anagula mankhwala pa kantini n'kumwa. Sizinasiye. Tsiku lina masana anakhala pakhonde, miyendo atatambasula, Yesaya atagona chopingasa pamimba pake akuyamwa. Kenaka kuchokera m'kati, gu! Mwana analeka bere n'kuyang'ana pamimba pa mayi ake modabwa. Gu, kachiwiri.

Tabita wabereka katatu. Kumenya kumeneko ankakudziwa ngati mmene amadziwira mawu a ana ake. Anakhala pomwepo mpaka mthunzi wa nyumba unasuntha, dzanja lili pa chipsera cha opaleshoni, akungonena chamumtima kuti ayi, ayi, sizingatheke, ndinabayitsa ine, kawiri.

Sanadikire Lachitatu. M'mawa mwake anali pa kiliniki, ndipo anamwino ataona nkhope yake anamulowetsa osafunsa. Anamugoneka, anasinika pamimba, n'kuikapo kachitsulo komvetsera kaja konga lipenga. Anamvetsera nthawi yaitali. Podzuka, nawonso nkhope inali itasintha.

"Mayi, muli ndi mimba. Yapitirira miyezi isanu."

"Nanga jakisoni?"

"Jakisoni sachotsa mimba imene ilimo kale. Tsiku limene ndinakubayani koyamba inali ilimo. Koma zatheka bwanji? Si munandionetsa kansalu inu?"

Tabita anayang'ana kudenga.

"Inali nkhuku, anesi."

"Chiyani?"

"Magazi aja. Ndinapha nkhuku."

Anamwino anakhala pampando pang'onopang'ono, dzanja lili pakamwa. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunamuopsa Tabita kuposa chilichonse. Kenaka anati, "Ambuye wanga. Ndi chipsera chimenechi? Mukanabwera mimba ili yaing'ono tikanakutumizani kwa adokotala kalekale. Tamverani, mwezi wachisanu ndi chitatu ukangotha mupite mukadikirire ku chipatala chachikulu. Musayerekeze kumva kupweteka muli kuno. Ndipo dengu mulisiye."

Gideoni atamva anakhala pansi pakhomo osavula n'komwe nsapato za ku fakitale. "Kamodzi kaja?" anafunsa. Anafunsanso kachiwiri, ngati yankho lisintha. Kenaka bambo wamkulu uja analira pamaso pa ana ake.

M'malayini nkhani inayenda ngati moto wa m'chilimwe. Mlaliki wa jakisoni watumbiza! Kutenga mimba mwana ali kubere ndi manyazi kale, nanji kwa munthu amene ankadzimenya pamimba pampopi. Ena anaseka, ena anachita mantha, ndipo awiri mwa atsikana amene anawaperekeza aja anasiya kubayitsa, amvekere jakisoni sagwira ntchito, taonani a Tabita. Iye anapita pampopi n'kuulula za nkhuku pamaso pa onse kuti atsikanawo abwerere. Mmodzi anabwerera. Angella anangoyang'ana pansi, ndipo masiku otsatira ankabwera m'mawa uliwonse kudzamutungira madzi osayankhula zambiri. Yesaya anamuletsa kuyamwa sabata yomweyo pomupakira tsabola kubere, poti amati mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa mwana. Analira masiku angapo mpaka anazolowera phala.

Tabita anakonzeka ngati munthu wa pa ulendo wautali. Tisungeni, wa zaka zisanu ndi zinayi, anaphunzira kubereka mwana kumsana ndi kuphika phala losapserera. A Lestina anabwera kuchokera ku Changata kudzakhala nawo, ndipo za woyamwitsa satenga mimba sanazitchulenso. Anapangana kuti ku chipatala apita kumayambiriro kwa Disembala.

Koma chaka chimenecho mvula inafulumira, tiyi anaphuka mu Novembala, ndipo akapitawo anayamba kulemba mayina. Tabita anaganiza za masabata amene adzakhale ku chipatala, ana ali ndi ufa wochepa. Anati ndingothyolako sabata imodzi, theka la dengu, pang'onopang'ono. Gideoni analetsa. Kodi Tabita analetsedwapo ndi ndani?

Tsiku lachinayi, chakumasana, akuwerama kuti atule dengu, anamva m'mimba kuti pwee, ngati nsalu yakale ikung'ambika. Ululu unamugwetsa pakati pa mizere. Kenaka ululu uja unaleka mwadzidzidzi, ndipo chimenecho ndicho chinamuopsa, chifukwa m'kati namonso munangoti zii. Angella anakuwa mpaka gulu lonse linataya madengu. Anamukweza pa thirakitala yonyamula masamba, anamugoneka pamwamba pa matumba a tiyi wamuwisi, mvula ikuwaza. Chomaliza chimene anakumbukira ndi fungo la masamba ndi mawu a Angella akumuitana dzina mosalekeza.

Anatsitsimuka patapita tsiku ndi theka, m'wodi yomwe ija, botolo la magazi likulendewera pambali. Ena mwa magaziwo anali a Gideoni. Adokotala anabwera n'kuima kumiyendo kwa bedi.

"Mayi, muli ndi mwayi, munatsala pang'ono. Mwana sitinamupeze wamoyo. Anali wamkazi. Chiberekero chinang'ambika moti sichikanasokeka, ndiye tachichotsa. Simudzaberekanso."

Tabita ali moyo, ana ake atatu sadzaleredwa pakhomo pa eni. Chimene ankachifuna chija wachipeza, koma pamtengo uwu? Kamtsikana kamene kanamumenya m'mimba masana aja, kamene iye anakamwera mankhwala a njoka, sanakaone n'komwe nkhope. Misozi anaibweza, poti mwana wobadwa wakufa, nthayo, saliridwa. Amatero akuluakulu.

Masana a tsiku lotsatira analowa a Lestina ndi Angella, zitenje zitanyowa ndi mvula. Kupatula Tabita, adokotala anali atauza Gideoni yekha za chiberekero, ndipo Gideoni sakanatha kuwauza apongozi ake nkhani yotero. A Lestina anakhala m'mphepete mwa bedi, anamugwira dzanja, n'kuyankhula motsitsa mawu, mwachikondi chenicheni.

"Mwana wanga, zonse tayendetsa bwino, usade nkhawa. Mwana uja anatipatsa dzulo, tinapita naye kumalayini, tinakamuika amayi okhaokha m'mphepete mwa manda. Ndinaonetsetsa ndekha kuti dzenje lisakuye. Nthayo ukaikwirira pakuya umatseka mimba ya mayi wake, sabereka mpaka kalekale. Ndiye tinangopalasa pamwamba, osafika n'komwe m'mawondo. Ukachira udzabereka wina."

Tabita anatembenuza mutu n'kuyang'ana pawindo. Mvula inali ikukhuthuka, ya ku Thyolo yeniyeni, yokokolola dothi lofiira m'mapiri. Anaganiza za kadzenje kosafika m'mawondo, ndi agalu a m'malayini amene amafukula chilichonse.

"Amayi," anatero, "chiberekero achotsa."

"Wati chiyani?"

"Achotsa. Mulibemo kanthu muno. Palibe chimene mukusunga."

A Lestina anasiya dzanja lija. Anayang'ana Angella, anayang'ana pamimba pa Tabita pamene panali mabandeji.

"Bwererani lero lomwe, kusanade," anatero Tabita, mawu akuthyoka. "Mukamufukule mwana wanga mumvulamo. Mukamukumbire dzenje lenileni, lakuya, ngati la munthu."

A Lestina, amene chibadwire sanatumidwepo ndi mwana, anaimirira n'kumanga chitenje. Pakhomo la wodi anamufunsa Angella kumene anasiya khasu limene anakumbira dzenje lija. Ali m'khonde anamva Tabita akulira mokweza, kulira kwa maliro, ndipo sanabwerere kukamuletsa.